Kalata yochokera ku Isle of Man: mlendo wavota nawo

Okondedwa amalume,

Ife kuno tikudzuka, kungoti mphepo ya kunyanja yayamba kale kuluma. Munafunsa pafoni za chisankho chathu cha pa 23 Seputembala 2021, ndiye ndati ndikulembereni bwinobwino.

Chilumbachi chili pakati pa Britain ndi Ireland, anthu ake ndi pafupifupi 84,000 basi. Ngakhale chili pansi pa ufumu wa Britain, malamulo chimadzipangira chokha m'nyumba yotchedwa Tynwald. Ife timasankha aphungu 24 a nthambi yake yotchedwa House of Keys, awiriawiri m'madera 12, choncho aliyense amatha kuchonga mayina awiri. Inenso ndinachonga nawo, amalume. Kuno safunsa pasipoti. Bola wakwanitsa zaka 16, wakhala pachilumbachi chaka chathunthu, ndipo unalembetsa. Nditalowa m'kachipinda kovotera mtima unandiwawa pang'ono, pokumbukira kuti chisankho cha kwathu sindingavote ndili kunja kuno, chonsecho ndalama za feteleza ndi za fizi ndimatumiza ndithu.

Zotsatira zinatuluka usiku womwewo, tikumvera pa Manx Radio. Pa aphungu 24, okwana 21 ndi oima paokha. Chipani cha Manx Labour chinapeza mipando iwiri, Liberal Vannin umodzi. Nduna zinayi zinagwa, ndipo palibe anathamangira kumsewu. Amayi analowa 10, pomwe mu 2016 analowa 5 okha. Izi zinatisangalatsa kwambiri ife ogwira ntchito yosamalira okalamba, poti ambirife ndife amayi. Paja chilumba chomwechi chinalola amayi ena okhala ndi malo awoawo kuvota kalekale mu 1881.

Chimene chinandikhudza koposa ndi kampeni yake. Kunalibe misonkhano ya chinamtindi, nsalu za chipani kapena kugawa ndalama. Wofuna mpando ankayenda yekha khomo ndi khomo. Mmodzi anagogoda pathu kukuwaza mvula, timapepala take tanyowa m'manja. Ndinamufunsa za lendi yomwe ikutimaliza ku Douglas kuno, komanso za kuchepa kwa anamwino. Anaima pakhonde n'kumamvetsera, kenako n'kulemba m'kabuku, osandilonjeza zakumwamba. Munthu wotere akapambana mumakumana naye m'sitolo akugula buledi, ndipo akakunamiza alibe kobisala.

Komatu chilipo chondidetsa nkhawa. Popeza ambiri alibe chipani, tsiku lovota sudziwa kuti boma lidzakhala m'manja mwa yani, kapena kuti lidzayamba ndi chiyani. Nduna yaikulu amasankhana okhaokha aphunguwo pambuyo pake. Mu Okutobala anasankha Alfred Cannan kulowa m'malo mwa Howard Quayle, yemwe sanaimenso. Ife ovota tinangomva pawailesi ngati wina aliyense. Kwa ine, amene ndinazolowera kudzisankhira pulezidenti ndi chala changa, zimenezi sizinandikhalebe bwino mumtima, ndipo phungu wa dera lathu ndikufuna ndikamuuze maso ndi maso.

Mupereke moni kwa agogo, muwauze kuti juzi lawo ndagula, ndidzapatsira wobwera pa Khirisimasi.

Ndine mphwanu,
wa ku Douglas