Maliya kapena Mariyamu: mmene tinapezera dzina la mwana

Anzanga a kugombe, mwakhala mukundifunsa kuti mwana tamutcha ndani, ine n'kumangoseka. Lero ndikuuzani. Ndi yaitali, amene muli panyanja muwerenge mukakocheza.

Mukudziwa kuti ine ndi wa Katolika, madamu kwawo ndi Asilamu. Pokwatirana panali phokoso koma linazizira. Mwana wamkazi atangobadwa, linayambiranso. Amayi anga anati, "Awa ndi amayi anga abwerera, dzina ndi Maliya, nkhani yatha." Apongozi nawo osagonja: "Mdzukulu wanga woyamba dzina la kutchalitchi? Ayi. Ndi Mariyamu." Masiku anayi osapatsana moni. Mchombo watsala pang'ono kugwa, dzina palibe, madamu akungolira. Ine ndinathawira kudoko, kukamasula kabureta ya Yamaha yomwe inalibe vuto lililonse.

Mwini injiniyo ndi mdala wina amene anali mphunzitsi, pano ali ndi chilimira. Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga, azimayiwo akulimbirana nsomba imodzi, wina wagwira kumutu wina kumchira." Usiku umenewo ndinatsegula Baibulo, ndinathera bandulo pa foni, mawa lake ndinakafunsanso kwa shehe.

Dzinali ndi la Chiheberi: Miryam, lomwe m'Baibulo lathu analemba Miriamu. Woyamba kumveka nalo ndi mlongo wake wa Mose ndi Aroni. Pa Eksodo 15 ndi iye anatenga lingaka n'kutsogolera azimayi kuvina Aisraeli atawoloka nyanja. Ambiri amati ndi yemweyo anaima chapatali kuyang'anira Mose ali khanda, atamuika m'kabasiketi m'mabango a mtsinje wa Nile. Mtsikana wa m'mbali mwa madzi, aise, ngati alongo athuwa.

Kenako dzinalo linayenda. M'Chigiriki linakhala Mariam kapena Maria, Chilatini chinatenga Maria, Afalansa akuti Marie, Angerezi Mary, Aluya Maryam. Nthawi ya Yesu linali lofala moti m'Chipangano Chatsopano umachita kusokonezeka: amake Yesu, wa ku Magadala, mlongo wa Marita ndi Lazaro, onse dzina limodzi. Chimene chinandikhazika pansi ndi cha shehe. Mu Korani, mkazi yekhayo wotchulidwa ndi dzina lake ndi Maryam, amake Isa, ndipo sura 19 yonse imatchedwa dzina lake. Tsono Mariyamu wa apongozi ndi Maliya wa amayi ndi mayi mmodzi yemweyo. Ife tinangosintha r kukhala l, monga timachitira ndi redio.

Za tanthauzo, ophunzira amasiyana. Ena amati likuchokera ku mawu a ku Iguputo otanthauza wokondedwa. Ena amaligawa pawiri m'Chiheberi, mar kuwawa, yam nyanja. Pali kankhani kena kamene kandisangalatsa ngati makaniko. Jerome, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini, analimasulira kuti stilla maris, dontho la nyanja. Okopera pamanja anasintha chilembo chimodzi, i kukhala e, n'kutuluka stella maris, nyenyezi ya panyanja. Kachinthu kakang'ono ngati pulagi, koma lero mpaka ku Blantyre kuli sukulu ya Stella Maris.

Kutchuka kwake ndiye musanene. Ku America, kuyambira 1880 mpaka 1946, chaka chilichonse dzina loyamba la ana aakazi linali Mary. Ku Joni kunali Miriam Makeba wa Pata Pata uja. Kuno kwathu imani pamene amayanika usipa mufuule kuti "a Maliya!" muone mitu ingati itembenuke. Koma onse ndi akuluakulu. Anzathu a msinkhu wanga mukuti ndi lachikale, mukutcha ana Favour ndi Shantel. Sindikunyoza, koma agogo akuluma lilime poitana adzukulu.

Ndinawakhazika pamphasa imodzi azimayi awiriwa, ine mtima uli phaphapha. Nditamaliza, apongozi anakhala chete kenako anati, "Tikafunse kwa shehe." Ndinati ndachokera komweko. Amayi anga anangoti, "Nanga ine ndimati chiyani?" ngati anadziwa kalekale. Musaganize kuti anakumbatirana. Aliyense anapita kwawo akukhulupirira kuti wapambana ndi iye, ndipo ine sindinakonze maganizo amenewo.

Pa khadi la kusikelo tinalembetsa Miriam, la pachiyambi lija. Amayi akumuitana Maliya, apongozi Mariyamu, madamu akungoti Mimi. Za ubatizo sitinayambe kukamba, imeneyo ndi mwera wina ukubwera, mundipempherere onse a mbali ziwiri.

Abambo anga, amene sanalankhulepo kanthu masiku onsewa, dzulo agula penti wabuluu akuti alembe dzina la mdzukulu pa boti. Wolemba uja anafunsa kuti alembe liti. Mpaka pano boti lili pamchenga, lalembedwa M yekha.