Makina Otchetchera Udzu Amene Tinawapeza pansi pa Mtengo wa Mango

Chilala cha chaka cha 2024 sitidzachiiwala msanga kuno ku Petauke. Pa 29 February chaka chimenecho, mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti Zambia ili pa tsoka la chilala, koma ife tinali titaziona kale m'minda mwathu. Pofika October ng'ombe zathu zinali nthiti zokhazokha, ndipo mvula yoyamba itagwa, nkhunzi zimene tinkadalira zinagwada mumzere woyamba, khasu lili m'nthaka. Kaudzu kochepa kamene kanamera kudambo kanali katapsa ndi lupsa. Ife, mabanja khumi ndi limodzi amene timalimira pamodzi, tinagwirizana kuti chaka chotsatira tidzatchetcha udzu ukadali wauwisi, kuuyanika ndi kuusunga. Zikwakwa ndi manja okalamba sizikanatha dambo lonse. Thirakitala yobwereka inalipo. Chosowa chinali makina otchetchera.

Mbiri inatipeza yakuti kufupi ndi Nyimba kuli mkulu wina amene akugulitsa makina otere. Tinapita anthu anayi, pamodzi ndi mnyamata wathu wodziwa zokonza magalimoto, ndalama za mabanja onse zili m'thumba la mkati mwa jekete. Ndalama za eni zimalemera kuposa thumba la chimanga.

Makinawo tinawapeza pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zitawasandutsa chisa. "Atate," tinafunsa titapatsana moni, "kodi makinawa ndi a mtundu wanji?" Iwo anaseka nati, "Ana anga, ine ndinawagula ali ofiira, mlamu wanga anawapaka utoto wobiriwira. Dzina lake funsani dzimbiri."

Funsoli silinali lachabe. Makina akale opanda dzina ali ngati mwana wosadziwa mfunda wake: akadwala, abale muwapeza kuti? Utoto umanamiza. Wobiriwira ungakuganizitseni za John Deere, wofiira za Massey Ferguson kapena International Harvester, koma burashi aliyense angagule. Tinakwecha chitsulo ndi mchenga ndi ndimu kufikira kachikwangwani kakang'ono kataonekera: Ford, ndi nambala 501. Kampani ya Ford inagulitsa ntchito yake ya mathirakitala kwa Fiat mu 1991, motero tinadziwa kuti makinawa adya Khirisimasi zambiri.

Kagwiridwe kake ka ntchito nkofanana ndi sizasi, ndipo nzeruyi ndi yakale: Obed Hussey wa ku America anailembetsa mu 1833. Pali mpiringidzo wautali wokhala ndi zala zachitsulo zimene zimapesa udzu. M'kati mwa zalazo mumathamanga, uku ndi uku, timipeni ta makona atatu, kalikonse kotambalala mainchesi 3. Mphamvu imachokera ku shafuti ya kumbuyo kwa thirakitala, yotchedwa PTO, imene imazungulira ka 540 pa mphindi. Tinawerenga mano a polumikizira: asanu ndi limodzi, ofanana ndi a thirakitala imene timabwereka. Pamenepo mtima unakhala pansi pang'ono.

Timipeni tosweka sitinatiope, pakuti timachotsedwa kamodzikamodzi ndi kukhomerapo tatsopano. Chimene mnyamata wathu anakhalitsapo ndi china. Anagona chafufumimba, diso limodzi atatsinzina, kuyang'ana ngati mpiringidzo uli wowongoka, chifukwa ukapindika mpeni umakakamira ndipo palibe nyundo imene ingaubwezere bwinobwino. Kenaka anapukusa makinawo ndi dzanja pang'onopang'ono. Mpeni ukafika kumapeto a ulendo wake, kampeni kalikonse kayenera kuima pakati penipeni pa chala chake; kakaima pambali, makina amatafuna udzu m'malo moudula. Timipeni tonse tinaima pamalo pake. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Chilema chinali pa ndodo yokankha mpeni, imene amakaniko amaitcha pitman. Pa makina a mtundu uwu ndodoyi imakhala ya mtengo, ndipo anaipanga dala choncho: mpeni ukaluma mwala kapena chitsa, mtengo umathyoka, zina zonse n'kupulumuka. Koma apa wina, poganiza kuti akuchita zanzeru, anawotchererapo paipi yachitsulo. Paipiyo sinathyoke ndithu; chimene chinang'aluka ndi mutu wa mpeni, ndipo mng'aluwo unali wobisika pansi pa girizi wakuda.

Apa tiulule kuti tinayesedwa. Mwini wake sankadziwa kuti chilemachi nchochiritsika, ndipo tikanakhoza kukwinya nkhope ndi kutenga makinawo pa mtengo wa zitsulo zotayidwa. Mmodzi wa ife anatsinzinira mnzake diso. Koma mkuluyo anali atatikhazika pamphasa ndi kutipatsa nthochi za ku Nyimba, ndipo ndalamazo ankazifunira mdzukulu wake wa kusukulu. Tinamuuza zoona zake, tinachotserana ndalama ya mutu wa mpeni ndi timipeni khumi, ndipo tinagwirana chanza.

Zitsulo tinaitanitsa ku Lusaka, ndipo zinatenga masabata asanu. Ndodo anatisemera mmisiri wa matabwa wa m'mudzi mwathu. Tinamuuza kuti aseme ziwiri. Tisanalowetse thirakitala, amayi ndi ana anayenda dambo lonse kutola miyala ndi kuzika timitengo pa chitsa ndi chulu chilichonse. Pa tsiku lotchetcha ana ndi agalu tinawatsekera kutali, chifukwa mpeniwu umayenda wobisika mu udzu ndipo susiyanitsa phesi ndi mwendo.

Tinatchetcha mu April 2025, udzu utangoyamba kumasula. Ndodo yoyamba inathyoka tsiku lachiwiri pa chitsa chimene tonse sitinachione. Tinaikapo yachiwiri, ndipo dzuwa lisanapendeke tinali titayambanso.