Wotchi ya Agogo Athu

Mwezi wathawu tidaitanidwa kumudzi pa nkhani yovuta. Mwana wa achemwali athu adasankhidwa kupita ku sekondale, koma ndalama za fizi panalibe. Titakhala pamphasa, achemwali adamasula kansalu, natulutsa wotchi ya m'thumba imene agogo athu adabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Johannesburg. Adati, "Achimwene, inu mudaphunzira. Tiuzeni, ingagulidwe zingati?"

Tidapita nayo kwa mkulu wina wokonza mawotchi m'tauni. Iye sadasamale za kuwala kwa kunja, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: mawotchi ambiri ooneka ngati agolide ngongokutidwa chabe. Adatsegula chivundikiro chakumbuyo, natiwonetsa tizizindikiro. Kamkango kamatanthauza siliva weniweni wa ku England, magawo 925 pa 1,000. Kanangula kamasonyeza kuti siliva ameneyo adayesedwa ku Birmingham. Pamakina padalembedwa dzina la Waltham, fakitale ya ku Massachusetts ku America, ndi nambala imene imaulula chaka chimene adapangidwa. Adawerenga timiyala tofiira toteteza makina kuti asaperepeseke, natichenjeza kuti tisaikweche pofuna kuiwalitsa, chifukwa kutero kumagwetsa mtengo.

Kenaka adatiuza zoona. Ukalamba pawokha sukweza mtengo. Chimene chimakweza ndi kusowa kwa chinthucho, luso la mmisiri, ndi kusungidwa bwino. Mu 2014, ku Geneva, wotchi ya Patek Philippe imene adapangira Henry Graves idagulidwa pafupifupi madola 24 miliyoni, popeza inzake kulibe. Koma a Waltham adapanga mamiliyoni, ndipo yathuyi galasi lake ndi losweka. Ndalama zake sizikadamufikitsa patali mwanayo.

Tidabwerera mitima ili pansi. Koma usiku womwewo, titaipukusa, idayamba kugunda, ndipo tidakumbukira munthu amene adatsikira pansi pa nthaka zaka zambiri kuti ana ake aphunzire. Wokonza uja adayesa siliva. Thukuta limenelo alibe sikelo yoliyezera.

Abale okondedwa, mutu umodzi susenza denga. Tidasonkherana pachibale, ena mbuzi, ena matumba a mtedza, ndipo mnyamatayo ali pasukulu. Wotchi ili m'kansalu kake. Tidzampatsa tsiku limene adzamalize maphunziro, ndipo tidzamuuza za agogo ake.