Dzanja lamanzere

Ndinayamba nchito yodzipereka pa wailesi ya kwathu pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndimachikamba poyera: ndimakonda kukamba, ndipo ku koleji ankandiuza kuti mawu anga amamveka bwino pa maikolofoni. Chachiwiri ndinachisunga mumtima zaka zambiri. Pa wailesi nkhope sioneka.

Ndinakulira ku Luembe, m'chigwa cha Luangwa, m'boma la Nyimba. Amene munafikako mu Okutobala mukudziwa kutentha kwake: umasamba, usanavale n'komwe thukuta layamba kale kutsika. Ziphuphu zinandiyamba ndili mu Giredi 8. Pakhomo panalibe galasi lalikulu, koma amalume anali ndi njinga yamoto. Akangoiimika pansi pa mtengo wa mango n'kulowa m'nyumba, ine ndafika kale pa kagalasi ka pambali kaja, khosi lopindika, zala ziwiri zili pa tsaya. Kanthu koyera kaja kakatuluka mtima unkakhala pansi, ngati ndamaliza nchito yofunika. Mawa lake pamalopo pamakhala nkhanambo, ndipo nkhanamboyo ndinkaitokosanso.

Aliyense pamudzi anali dokotala wa nkhope yanga. Ambuya ankati vuto ndi nshawa, ndileke kudya chiponde. Azakhali ankaseka chabe, ati, "Za msinkhu izo, ukakwatiwa zidzatha." Anyamata kusukulu anali ndi matanthauzo awo amene sindingalembe pano. Ndinapaka mankhwala otsukira mano, madzi a ndimu, phulusa, ndipo tsiku lina ndinadzikwecha ndi sopo wochapira mpaka khungu linawawa ngati ndapsa ndi moto. Zonsezi ndinkachita ndi chikhulupiriro chakuti nkhope yanga ndi yakuda ndi dothi, ndiye ikufunika chilango.

Nditapita ku Lusaka kukachita kosi ndinkakhala ndi msuweni wanga ku Mtendere. Iye ndiye anandigulira kachubu kena pa msika, ati, "Aka kasiliza vonse, uzaona." Zoonadi ndinaona. Pa masabata awiri nkhope inasalala, mabala anayamba kuzilala, anzanga m'kalasi n'kumandifunsa chinsinsi. Patatha miyezi ingapo tiziphuphu ting'onoting'ono, tofanana ngati mapira, tinadzaza pamphumi ndi m'masaya. Nkhope inayera kuposa khosi. Ndikasiya kupaka masiku atatu inkayabwa ndi kutentha, ndiye ndinkabwereranso ku kachubu. Panthawiyo sindinkawerenga timalemba ta pambali. Ndinadzadziwa mochedwa kuti munali clobetasol, mtundu wa steroid wamphamvu kwambiri umene madokotala amapereka kwa nthawi yochepa pa matenda ena a khungu, osati pa ziphuphu. Iwo ndi mnzake betamethasone amazimitsa kutupa mwamsanga, n'chifukwa chake poyamba umaona ngati zozizwitsa, koma ukapitiriza amapyapyalitsa khungu ndipo amabweretsa ziphuphu zawozawo. Ngati muli nako kachubu kotere m'chikwama, katembenuzeni muwerenge.

Ndinabwerera kum'mawa ndi satifiketi ndi nkhope yoipa kuposa imene ndinapita nayo. Wailesi inandibisa bwino. Anthu ankandidziwa mawu chabe, ndipo zinkandikomera. Tsiku lina ndikugula nthochi m'mbali mwa Great East Road pa Nyimba, mayi wogulitsa anandimva ndikunenerera mtengo, n'kuwomba m'manja: "Ha! Ndimwe a pa wailesi aja?" Anandiwonjezera nthochi ziwiri za basela. Kenako anandiyang'anitsitsa, mawu n'kutsika. "Nanga mwana wanga, kumasoku munapsa ndi chiyani?" Sanafune kundinyoza, anafunsa ngati kholo. Ndinaseka, n'kulipira, ndipo usiku umenewo ndinaima pa galasi nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Zinafika povuta pamene pa siteshoni anaganiza zoti mapulogalamu ena azionekanso pa Facebook. Foni anaiimika pa kamtengo, moyang'ana mpando wanga. Pulogalamu yanga, musaseke, ndi ya achinyamata ndi zaumoyo. Ndinapempha kuti andisamutsire ku mbali yokonza mawu ojambulidwa, n'kunama kuti ndikufuna kuphunzira kompyuta. Pulogalamu imene ndinaiyambitsa ndekha ndinaisiyira mnzanga, ine n'kumakhala kuchipinda chakumbuyo ndi mahedifoni.

Chimene chinanditsegula maso ndi kuzima kwa malaiti kwa 2024. Mukukumbukira chaka chija: chilala, madzi ochepa ku Kariba, malaiti kubwera pakati pa usiku n'kupita tambala asanalire. Kwa ine zinatanthauza kuti mwambo wanga wa madzulo, woima pansi pa babu ndi galasi m'manja, unasokonekera. Patatha masabata angapo ndinazindikira kuti chibwano changa chapola. Sindinasinthe sopo, sindinasiye nshawa, sindinakwatiwe. Ndinangosowa kuwala kofinyira. Koma tsaya lamanzere silinasinthe ngakhale pang'ono.

Nkhani ya tsayalo inamasuliridwa ndi a clinical officer ena amene ndinapita kwa iwo ndi vuto lina, malungo. Atamaliza kulemba mankhwala ndinalimba mtima n'kufunsa za nkhope. Anandipempha ndiyang'ane kuwindo, anayang'ana mbali zonse, kenako anati: "Amayi, ziphuphu zenizeni pano ndikuona zochepa. Zambirizi ndi zilonda ndi mabala. Pa nchito dzanja lamanzere limakhala kuti?" Ndinakhala chete. Ndikamakonza mawu, dzanja lamanja limagwira mouse. Lamanzere limagwira tsaya. Maola atatu, anayi, makutu ali pa mawu a munthu wina, zikhadabo zikuyenda pakhungu kufunafuna potukuka paliponse. Sindinkadziwa n'komwe.

Anandifotokozera zimene ndikanafuna kumva ndili mu Giredi 8. Chiphuphu chimayamba pamene kabowo ka tsitsi katsekeka ndi mafuta a khungu pamodzi ndi tikhungu takufa. M'menemo tizilombo totchedwa Cutibacterium acnes, timene timakhala pakhungu la munthu aliyense, timachulukana, ndipo thupi limayankha ndi kutupa. Mahomoni ndiwo amachulukitsa mafutawo, n'chifukwa chake zimabwera pa msinkhu, komanso kwa azimayi ambiri masiku a kumwezi akayandikira. Si uve. Ukafinya, zina zimatuluka kunja, koma zina zimaphulikira mkati, kutupa n'kukula. Ndipo kwa ife a khungu lakuda, paliponse pamene patupa khungu limathirapo utoto wambiri. Chiphuphu chosiyidwa chingathe pa sabata imodzi kapena ziwiri. Bala lakuda limene limatsala ukachitokosa limakhala miyezi, nthawi zina kupitirira chaka, ndipo dzuwa limaliderapo. Kunena mwachidule, zimene mayi wa nthochi uja anaona sizinali ziphuphu. Zinali nchito ya zala zanga.

Zinandipweteka kumva, koma zinandipatsanso poyambira. Zaka zonsezi ndinkafunafuna mankhwala a nkhope pamene wodwala wamkulu anali dzanja.

Nditawerenga pa intaneti ndinapeza kuti chizolowezichi chili ndi dzina. Chikafika poti munthu akudzivulaza, wayesa kuleka kangapo koma akulephera, ndipo chikumusokoneza pa nchito kapena pakati pa anthu, madokotala a maganizo amachitcha excoriation disorder. Chinalowa m'buku lawo lalikulu la ku America, DSM-5, mu 2013. Sindikunena kuti aliyense amene wafinya kachiphuphu asanapite ku kitchen party ndi wodwala, ayi. Koma ine ndinasiya pulogalamu yanga chifukwa cha ichi, ndiye sindingadzinamize. Ndinapezanso njira yotchedwa habit reversal, imene akatswiri awiri a zamaganizo, Nathan Azrin ndi Gregory Nunn, anaifotokoza mu 1973. Mutu wake ndi wosavuta: choyamba udziwe nthawi imene dzanja limanyamuka, kenako ulipatse nchito ina imene silingachite pamodzi ndi kutokosa.

Gawo loyamba linandivuta kuposa lachiwiri. Pa wailesi tinazolowera kulemba log, nthawi imene nyimbo yalowa, nthawi imene chilengezo chapita. Ndinatsegula log ya dzanja langa kumbuyo kwa kope. Nthawi, malo, zimene ndinali kumva. Patatha masabata awiri zinaoneka poyera kuti pali kutokosa kwa mitundu iwiri. Kwina kumachitika ndekha osadziwa: pa kompyuta, mu minibasi, ndikuyang'ana foni pabedi. Kwina ndimachita kukupita dala, galasi m'manja, ndipo pafupifupi nthawi zonse kumabwera pambuyo pa chinthu chondikhumudwitsa, kaya foni yochokera kumudzi yopempha ndalama imene ndilibe, kaya mawu a munthu wina pa nchito. Wodzipereka salandira malipiro a mwezi, mukudziwa, koma kumudzi akamva mawu ako pa wailesi amayesa ndiwe bwana.

Kutokosa kosadziwa ndinakugonjetsa ndi kamwala. Ndinakatola m'mphepete mwa Luangwa, kosalala, kokwana m'chikhatho. Ndikakhala pa kompyuta kamakhala m'dzanja lamanzere. Ndikamva dzanja likukwera, ndimakafumbata mwamphamvu mpaka mphindi imodzi itatha, chilakolakocho chimakwera kenako n'kutsika chokha. Zikhadabo ndimawenga kawiri pa sabata. Madzulo kunyumba ndimasenda nshawa ndikumvera nkhani, manja onse awiri otanganidwa. Ambuya akanakhalapo akanadabwa kuti nshawa zimene ankaziimba mlandu ndizo zikundithandiza. Umboni wolimba wakuti nshawa zimabweretsa ziphuphu palibe. Zimene ofufuza amazikayikira kwambiri ndi zakudya ndi zakumwa za shuga wambiri, ndiponso mkaka kwa anthu ena.

Kutokosa kwa pa galasi n'kumene kunalimba, chifukwa kumeneko sikusowa chochita, ndi mtima. Kagalasi ka m'chikwama ndinapatsa mng'ono wanga. La kuchipinda ndinalikweza pakhoma, ndipo ndinadziikira lamulo loti ndiziima patali ndi mkono wathunthu. Pa mtunda umenewo umaona nkhope imene anthu amaona. Ukayandikira mpaka mpweya kuchita nthunzi pa galasi, ngakhale khanda ulipeza ndi cholakwika. Chiphuphu chachikulu chikatuluka ndimamatapo kapulasitala usiku, kuti chala chikafika chikumane ndi chinthu chondikumbutsa. Ndinauzanso mnzanga mmodzi wa mu studio. Sakamba kanthu, amangogogoda tebulo kawiri. Poyamba ndinkakwiya naye.

Za nkhope yeniyeniyo zinakhala zochepa modabwitsa. Kusamba kawiri pa tsiku ndi sopo wofatsa, ndi manja, osakwecha. Benzoyl peroxide wa 5% wa ku famasi, pang'ono chabe, poyamba usiku umodzi kudumpha umodzi chifukwa amaumitsa khungu. Chenjerani naye, amachotsa utoto pa nsalu. Chitenje changa chabwino chili ndi mabala oyera mpaka lero. Mafuta a tsitsi ndinasiya kuwafikitsa pamphumi, ndipo pilo ndimasintha nsalu yake kawirikawiri. Padzuwa ndimavala chipewa. Kachubu kaja sindinakasiye tsiku limodzi, a clinical officer anandiuza mmene ndingachepetsere pang'onopang'ono, ndipo ngakhale choncho masabata oyamba nkhope inakwiya.

Chovuta kwambiri ndi kudikira. Mankhwala a ziphuphu amafuna masabata 6 mpaka 8 kuti uyambe kuona kusintha, ndipo miyezi itatu kuti uweruze bwino. Ife timafuna za Lachisanu zioneke Loweruka, n'chifukwa chake ogulitsa timachubu sasowa makasitomala. Ngati zanu ndi zikuluzikulu, zakuya, zowawa, kapena zikusiya maenje ndi zipsera zotukuka, musataye nthawi ndi za pa msika, pitani kuchipatala, kuli mankhwala akumwa ndi opaka amphamvu. Ndipo ngati muli ndi pakati kapena mukuyembekezera kutenga, nenani poyamba, chifukwa ena mwa mankhwalawo, monga doxycycline, tretinoin ndi isotretinoin, saloledwa kwa mayi woyembekezera.

Sindinachire ngati mmene amachitira umboni kutchalitchi. Amalume a njinga yamoto aja atamwalira, ndinabwera kuchokera ku maliro ku Luembe, n'kutsitsa galasi pakhoma, n'kuwononga nchito ya miyezi inayi pa usiku umodzi. M'mawa ndinaona timagazi pa pilo. Kale ndikanati basi, ndalephera, n'kupitiriza sabata yonse. Ulendo uno ndinalemba mu log, tsiku, nthawi, chifukwa, n'kubweza galasi pamsomali.

Pulogalamu yanga ndinaitenganso. Tsiku loyamba kubwerera pa mpando uja, foni ili pa kamtengo kake, ndinapempha kuti asaisunthe. Mabala a tsaya lamanzere anali akuonekabe, ena akuonekabe ndi lero. Mutu wa tsikulo unali mafuta oyeretsa khungu, ndipo mtsikana wina anaimba kuchokera ku Petauke kufunsa ngati ndimu amachotsa ziphuphu. Ndinamuuza kuti ayi, amangowotcha khungu n'kuwonjezera mabala, ndinayesa ndekha. Anaseka, n'kufunsa kuti nanga ine ndimapaka chiyani. Ndili mkati moyankha ndinamva kugogoda kawiri patebulo. Dzanja linali litafika kale pachibwano. Ndinalitsitsa, n'kufufuza kamwala m'thumba, n'kupitiriza kuyankha.