Kagetsi kachikasu pa dashibodi

Mvula ikayamba kugwa mwamphamvu mu Disembala, tinjira ta m'kati mwa Chilinde, tija sitinaonepo phula, timasanduka phala lenileni. Zimenezi sizinasinthe. Chasintha ndi mmene galimoto imachitira ikalowa m'matopemo.

Tili ana, galimoto zinali zowerengeka m'dera lathu: Peugeot 504, Datsun yonyamula katundu, mwina Land Rover ya boma ikamadutsa. Zambiri zinkakankhidwa ndi matayala akumbuyo. Imodzi ikatitimira tinkathamangirako, ndipo nthawi zonse tinkapeza zofanana: tayala limodzi likupalasa, kuwaza matope mpaka pa mpanda wa nyumba, linzake langoti duu. Tinkathamangira miyala, nthambi ndi masaka akutha kukaika kunsi kwa tayala, ena n'kukwera kumbuyo kuti galimoto ilemere.

Ndinadzamva chifukwa chake nditakula. Pakati pa matayala awiri pali difu, yomwe imalola kuti pokhota tayala lakunja lizungulire mofulumira kuposa lam'kati. Pa phula difu imathandiza kwambiri, koma m'matope imapweteketsa, chifukwa tayala limene latereralo ndi lomwe limazungulira, pomwe lomwe lagwira pouma silipatsidwa mphamvu zokwanira kusuntha galimoto. Madalaivala akale ankazidziwa izi ndi phazi. Bambo wina woyandikana nafe ankanyamukira pa giya yachiwiri, kilatchi n'kumaisiya pang'onopang'ono, dzanja lamanzere litakoka handibuleki pang'ono. Handibulekiyo inkagwira tayala lopalasa lija, mphamvu n'kupita kwa linzake, galimoto n'kutuluka. Ndinkaona ngati matsenga, koma linali luso la munthu wodziwa galimoto yake.

Kenaka zinabwera galimoto zakale za ku Japan, zotsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe: Vitz, Passo, Sienta ndi zinzake. Zambiri n'zopanda kilatchi, ndipo zimakokedwa ndi matayala akutsogolo. Mu zina mwa izo, ntchito ija bambo aja ankagwira ndi phazi ndi dzanja inaperekedwa kwa kakompyuta. A Toyota amaitcha TRC, ena amati traction control. Si yatsopano ayi. Kampani ya Buick ku America inayesa njira yotere mu 1971, ndipo Toyota inaika TRC mu Crown mu 1987. Kwathu kuno inatipeza mochedwa, itakalamba kale pamodzi ndi galimoto zake.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Pa tayala lililonse pali kasensa kowerenga liwiro la tayalalo, masensa omwewo amene amagwiritsidwa ntchito ndi ABS, mabuleki aja osauma omwe Mercedes-Benz ndi Bosch anatulutsa mu 1978. Kompyuta imayerekeza matayala onse anayi. Ikaona kuti limodzi likuthamanga kuposa anzake, imadziwa kuti laterera, ndiye imachita ziwiri. Imatsina buleki ya tayala lokhalo, kugwira n'kusiya, kugwira n'kusiya, kuti mphamvu idutse pa difu kupita ku tayala lomwe laponda polimba. Imachepetsanso moto wa injini, ngakhale dalaivala ataponda mpaka pansi. Pamenepo mumamva kakulira kokukuta kutsogolo, ndipo pa dashibodi pamaphethira kagetsi kachikasu kokhala ndi chithunzi cha galimoto yoterereka. Ndaonapo mayi wina atazimitsa injini ndi mantha atamva kulirako, kuganiza kuti china chathyoka. Chikhalirecho galimoto inali kumuthandiza.

Koma kompyutayi anaipangira misewu yonyowa ndi yachisanu ya kumaiko kwawoko, osati makande athu. Matayala onse awiri akamira, kudula moto kuja kumaisiya galimoto ilibe mphamvu yodzikoka. N'chifukwa chake galimoto zambiri zili ndi batani lolembedwa TRC OFF kapena lokhala ndi chithunzi chomwe chija. Mukatitimira zenizeni, lidineni, matayala apalase ataye matope, muyendetse galimoto kutsogolo ndi kumbuyo mpaka ituluke, ndipo mukafika pouma muliyatsenso. Eni galimoto ambiri amene ndalankhula nawo sadziwa kuti batanilo n'lachiyani, poti kabuku kamene kanabwera ndi galimoto, ngati kanafika n'komwe, kali m'Chijapani.

Chimene chimandiwawa ndi zomwe zimachitika kagetsi kaja kakayaka osazimanso. Pa galimoto yakale, nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono: kasensa kamatidwa ndi matope, kawaya kaduka pa bampu, batire yafooka, kapena matayala a kaunjika agulidwa osiyana kukula, kompyuta n'kumaganiza kuti lina likuterera pomwe likungozungulira malinga ndi msinkhu wake. Ku magalaja a ku Biwi kuli amakaniko aluso omwe tsopano ali ndi kamakina kolumikiza kunsi kwa chiwongolero, kamene kamanena sensa yomwe yafa, ndipo ina mungaifunefune ku Malangalanga. Koma aliponso ena amene amangoti, "Bwana, zimenezi n'zachizungu, galimoto ikuyenda bwinobwino," n'kuzula kagetsiko kapena kumatapo tepi yakuda. Ogulitsa ena amachita dala zimenezi kuti wogula asafunse. Sensa ikafa, kawirikawiri ABS imasiyanso kugwira ntchito. Mabuleki amagwirabe, koma tsiku limene mwana adzadumphire mumsewu wonyowa, matayala adzauma, galimoto n'kumangoselereka osamvera chiwongolero.

Sindikulakalaka masiku a Datsun. Galimoto zamasiku ano zimakhululukira dalaivala wongoyamba kumene, ndipo n'chinthu chabwino. Nkhawa yanga ndi yakuti luso la phazi lija latha, pomwe chida chomwe chinalowa m'malo mwake tikuchipha tokha posachidziwa. Tikatero titsala opanda zonse ziwiri.

Inu amene mukugula galimoto yakale, tembenuzani kiyi musanalize injini, muyang'ane pa dashibodi. Kagetsi ka ABS ndi ka galimoto yoterereka kaja, ngati galimotoyo ili ndi TRC, tiyenera kuyaka kwa kanthawi kenaka n'kuzima. Tikapanda kuyaka n'komwe, musapereke ndalama mpaka makaniko wokhala ndi kamakina aione.