Chiboliboli chakale chili ndi eni ake

Ndine Mkatolika wokhala ku Area 14 mu Lilongwe. Kwa zaka zambiri ndinkagula mitanda ndi ziboliboli zakale za Amayi Maria ndi Yosefe Woyera, ndikudziuza kuti ndikusunga mbiri ya Mpingo.

Mbiriyo kuno kwathu siipita kutali. Ansembe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, a White Fathers n'kutsegula Mua mu 1902. Ziboliboli zimene amishoni anabwera nazo n'zochepa, ndipo anaziika m'matchalitchi, osati pamsika. Ndikanaganizira zimenezi, ndikanadabwa ogulitsa atayamba kugogoda pageti panga, aliyense ali ndi chake "cha nthawi ya amishoni".

Zambiri zinali zosemedwa dzulodzuloli, n'kuzifukiza pautsi ndi kuzipaka polishi wa nsapato. Pamenepo ndinangotaya ndalama. Chimene chinandiswa mtima n'chimene chinali chakaledi: chiboliboli cha Amayi Maria chothyoka chala. Tsiku lina mphakati wathu unakumana kunyumba kwanga, ndipo mayi wina wachikulire anachiyang'anitsitsa, misozi ili lengelenge. Titatha mapemphero ananditengera pambali.

"Pepani bambo, ichi ndikuchidziwa. Chinali m'tchalitchi cha kumudzi kwathu. Akuba anathyola zenera."

Anandiuza kuti mwezi wa Meyi ndi wa Okutobala amayi ankapemphera kolona patsogolo pake, ndipo kuyambira pamene chinabedwa amagwadira patebulo popanda kanthu. Wakuba sindinamuone, koma anaba podziwa kuti alipo anthu onga ine ogula osafunsa. Tinachibweza kudzera kwa bambo mfumu.

Pambuyo pake ndinamva kuti malamulo a Mpingo, pa nambala 1190, amaletseratu kugulitsa zotsalira za oyera, komanso salola kuti zithunzi zimene akhristu amazilemekeza kwambiri zichoke m'manja mwa tchalitchi popanda chilolezo cha ku Roma.

Tsopano ndikafuna chosema chopatulika ndimapita ku Kungoni, ku Mua, malo amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Kumeneko ndimalipira mmisiri wamoyo, amene amasema Yesu ndi Maria a nkhope ngati zathu, ndipo ana ake amadya.

Anzanga okonda zakale, wakutsina khutu ndi mnansi. Musanatulutse ndalama funsani: chachokera kuti, wachipereka ndani, ansembe akudziwa? Wogulitsa akayamba kuzungulira, musagule, ndipo dziwitsani parishi yanu.