Kuno amasaka osewera, kwathu akusenza matumba

Mwezi wa Epulo, mumzinda wa Portsmouth kuno ku Virginia mumachitika mpikisano wa basketball wotchedwa Portsmouth Invitational Tournament. Unayamba mu 1953. Amaitana anyamata 64 omwe akumaliza koleji, ambiri mwa iwo osatchuka, kuti asewere pamaso pa nthumwi za matimu a NBA. Ine ndimakhala chapafupi, ku Norfolk, choncho ndikaweruka ndimakaonerera. Koma Epulo ndi mwezi wondivuta. Kwathu ku Mchinji mtedza umakhala utakhwima, wowiritsa akugulitsa m'mabeseni pa Kamwendo, pamene ine ndikutafuna mtedza wamchere wa m'pepala wosadziwika munda wake.

Nthumwi zija siziomba m'manja. Zimangokhala phee, kope pamwendo. Mnyamata akagoletsa, anthu n'kukuwa, izo maso ali kwina: kodi mpira ukakhala kuti sali nawo amaima pati? Akalandidwa, amathamanga kubwerera kukatchinga kapena amayamba wadandaula kwa woimbira? Amamuyeza msinkhu, amamutambasulitsa manja n'kuyeza kuchoka chala ichi kufika chala icho. Nkhawa yawo pa mwana wa koleji yaing'ono ndi imodzi: zigoli zake zambirizo ankagoletsa kwa ofooka, nanga akakumana ndi zimphona? Malo nawonso ndi ochepa. Pa chisankho cha osewera atsopano cha NBA amatchula mayina pafupifupi 60 okha pachaka.

Komabe sanyoza koleji yaing'ono, chifukwa anaphunzirapo. Scottie Pippen anachokera ku Central Arkansas, kumene anayamba ngati wothandizira timu chabe. Anaonekera pa Portsmouth pompano, ndipo mu 1987 dzina lake linatchulidwa pa nambala yachisanu. Ndi yemwe uja anatenga zikho 6 ndi Michael Jordan ku Chicago Bulls. Dennis Rodman wa ku Southeastern Oklahoma State anatengedwa pa nambala 27 mu 1986. Ben Wallace wa ku Virginia Union sanasankhidwe n'komwe mu 1996, koma anadzakhala khoma la Detroit Pistons.

Ndikamaona makope awowo, mtima umathawira kwathu, pa malire a Mwami. Ndimakumbukira anyamata ataliatali amene ndinkawaona akupalasa kabaza kumeneko, ena akukweza matumba a soya m'malole nthawi yokolola, mikono yofika m'mawondo. Munthu wotere kuno akanamutsatira mpaka kwa amayi ake. Kwathu timangomupatsa dzina loti Chimtali, n'kumamutuma kupachika chimanga cha mbewu kudenga. Kusukulu kwathu zigoli zinali za ntchembere mbaye ndi mpira wamiyendo basi. Basketball tinkaiona m'mabuku.

Njira ilipo tsopano, ngakhale ndi yopapatiza. Basketball Africa League inayamba mu 2021 ku Kigali, ndipo timu ya Bravehearts ya ku Lilongwe yaseweramo m'mipikisano yodzigulira malo. Kuchokera ku Mchinji, Lilongwe ndi ulendo wa maola awiri okha pa minibasi.

Ndiye inu aphunzitsi a ku Mkanda, Kapiri ndi Ludzi, pezani wowotcherera zitsulo akupangireni mkombero, muukhomere pamtengo wolimba. Mwana wamtali uja, wamwamuna kaya wamkazi, mujambuleni pa foni akusewera, mutumize kwa makochi a ku Lilongwe. Mipira ndibweretsa ndine ndikamabwera.